Tupa ndi chikombole: n'chifukwa chiyani volovolo sikutha ngakhale Glock inapambana?

Pofika kumapeto kwa August mu 2018, apolisi a mumzinda wa New York amene anali akadali ndi volovolo m'chiuno anauzidwa kuti aitule. Anali ochepa, ndipo onse anali amkhalakale, anthu amene analembedwa ntchito polisi ya mumzindawo isanayambe kugawa mapisitolo a 9mm mu 1993. Kwa zaka 25 anawalola kupitiriza ndi mfuti imene dzanja lawo linaizolowera, koma nthawi inakwana. Patangotha chaka ndi miyezi ingapo, mu January 2020, kampani ya Colt inayambiranso kupanga volovolo yake yotchuka ya Python, imene inali itasiyidwa kwa zaka pafupifupi 15. Mtengo wake unali madola 1,499. Ndi ndalama imeneyo munthu akanagula ma Glock awiri, mapisitolo amakono a thupi lapulasitiki, n'kutsala ndi chenje, koma anthu anachita kuilimbirana.

Ngati volovolo ndi tsobola wakale amene sawawanso, bwanji anthu akuiperekera ndalama zochuluka chonchi? Nanga ngati ndi yabwino monga amanenera oikonda, bwanji apolisi ndi asilikali pafupifupi onse a ku America ndi ku Ulaya anaisiya? Ine mavolovolo akale ndimawakonda, sindibisa. Koma ndimaona kuti ambiri mwa anzanga owakonda amapereka zifukwa zolakwika. Amati volovolo silephera, amati mfuti yapulasitiki ndi chidole. Zonsezi sizoona. Chimene tikukonda n'china, ndipo kuti chioneke bwino tiyenera kuyamba taona mmene mfuti ziwirizi zimagwirira ntchito.

Volovolo ili ndi chitsulo chobulungira pakati pake, chimene amachitcha silinda, chokhala ndi mabowo asanu kapena asanu ndi limodzi. Chipolopolo chilichonse chimakhala m'bowo mwake. Mukakoka thiriga, chala chanu chimagwira ntchito zingapo nthawi imodzi: chimazunguliza silinda kuti bowo lotsatira liyang'anizane ndi mpope wa mfuti, chimakankhira kumbuyo kanyundo kamene kali pamwamba pa chigwiriro, kenako n'kukasiya kuti kamenye chipolopolo. Mphamvu yonse yoyendetsera makinawa imachokera m'chala cha munthu. Pisitolo ndi yosiyana. Zipolopolo zake zimasanjikizana m'magazini imene imalowa m'kati mwa chigwiriro. Chipolopolo chikaphulika, mphamvu ya wonga imakankhira kumbuyo chitsulo chapamwamba chimene chimatsetsereka, chitsulocho chimataya chigoba cha chipolopolo chakutha, ndipo pobwerera kutsogolo chimatenga china n'kuchilowetsa mu mpope. Kuno ntchito ikugwiridwa ndi wonga. Pafupifupi kusiyana konse kumene anthu amakangana, za kudalirika, za liwiro, za kuchuluka kwa zipolopolo, kumachokera pa mfundo imodzi yomweyi.

Samuel Colt analandira chiphaso cha umwini wa volovolo yake ku America mu 1836. Sanali woyamba kuganiza za mfuti yozungulira, koma ndi iye amene anaipanga kukhala malonda. Fakitale yake yoyamba ku Paterson, m'chigawo cha New Jersey, inagwa mu 1842 chifukwa chosowa ogula. Amene anamudzutsa anali a Texas Rangers, gulu la asilikali apakavalo a ku Texas, amene mu 1844 anagwiritsa ntchito mfuti zake polimbana ndi anthu a mtundu wa Comanche, eni nthaka a m'deralo. Mmodzi mwa asilikaliwo, Samuel Walker, anathandiza Colt kukonza mfuti yaikulu kuposa yoyamba ija, ndipo mu 1847 boma linaitanitsa zokwana 1,000. Colt anamanga fakitale ku Hartford, ndipo pofika 1851 anali akuonetsa mfuti zake pa chionetsero chachikulu cha ku London.

Mfuti zoyambirirazi zinali zachibale ndi gogodela imene akuluakulu athu amaidziwa. Bowo lililonse munkathiramo wonga chakutsogolo, n'kusindikizira mpira wa mtovu, kumbuyo n'kuvekako kachipewa kamkuwa koyatsira moto. Zinasintha pamene Smith & Wesson anagula ufulu wa luso la Rollin White, loboola silinda mpaka kuseri kuti chipolopolo chathunthu, chokhala ndi wonga wake m'chigoba, chizilowera kumbuyo. Mfuti yawo yoyamba yotere inatuluka mu 1857. Colt anayenera kudikira kuti chiphaso cha White chithe mphamvu, ndipo mu 1873 anatulutsa Single Action Army, ija ya anyamata oweta ng'ombe a m'mafilimu. Mu 1899 Smith & Wesson anabweretsa Military & Police, imene pambuyo pake inatchedwa Model 10. Silinda yake imatsegukira kumbali, ndipo mukakankha kandodo kamodzi zigoba zonse zimagwa pamodzi. Zinapangidwa zoposa 6 miliyoni, ndipo kwa zaka zambirimbiri munthu akati wapolisi wa ku America, m'chiuno mwake munali imeneyi kapena mnzake wa Colt.

Angelezi anali ndi yawo, Webley ya ku Birmingham, imene asilikali awo anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1887. Iyi imathyoka pakati ngati mpeni wopinda, ndipo ikamatseguka imalavula yokha zigoba. Ndiyo inali mfuti ya m'chiuno ya akuluakulu a asilikali a Britain m'zaka zimene iwo ankatsogolera a Keyala ochokera ku Nyasaland, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Msilikali wakuda ankasenza mfuti yaitali, bwana wachizungu ali ndi kamfuti kake m'chikwama chachikopa. Mawu akuti volovolo enieniwa ndi Chingelezi chimene makolo anachipinda kuti chikwane pakamwa pawo, monga anachitiranso Azulu ndi Ashona.

Tsono apa ndi pamene pali mtima wa nkhaniyi. Volovolo mukaiona kunja imaoneka yosavuta, koma mukachotsa chivundikiro cham'mbali mupeza tizitsulo tambiri tokodolana ngati m'kati mwa wotchi. Pali kachitsulo kangati chala kamene kamakankha silinda kuti izungulire. Pali kena kamene kamatuluka pansi n'kulowa m'kamphako kuti silinda iime. Tonseti tiyenera kugwira ntchito motsatizana bwinobwino: koimitsa kaja kachoke, silinda iyambe kuyenda, koimitsa kabwerere n'kugwira, ndipo kanyundo kagwe bowo litayang'anizana ndendende ndi mpope. Pakangokhala kuchedwa pang'ono, chipolopolo chimamenya m'mphepete mwa mpope n'kumwaza tizidutswa ta mtovu m'mbali. Pakati pa silinda ndi mpope pamafunikanso kampata kochepa kwambiri, pafupifupi gawo limodzi kapena awiri mwa magawo khumi a milimita. Kakachepa, silinda imakakamira mfuti ikatentha. Kakakula, mphamvu ya wonga imathawira pomwepo.

Makina a m'mafakitale a zaka za m'ma 1900 sankatha kudula chitsulo mofanana ndendende mpaka kufika pamenepa. Choncho tizitsulo tinkapangidwa tonenepako pang'ono, ndipo mmisiri ankakhala pa benchi ndi tupa komanso mwala wonolera, kupala pang'ono, kuyesa, kumasula, kupalanso, mpaka mfutiyo itayenda mosalala. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amisiri amenewa ankaphunzira kudekhako kwa zaka. N'chifukwa chake zigawo za volovolo imodzi zinkadindidwa nambala yofanana zisanapite kokapakidwa mtundu, kuti zikabwerako zisasokonezeke ndi za mfuti ina. Kachitsulo ka mfuti iyi sikangalowe bwino mu inzake ya mtundu womwewo, ngakhale zitapangidwa tsiku limodzi.

Python, imene inatuluka mu 1955 pa mtengo wa madola 125, ndi pamene lusoli linafika pachimake kwa Colt. Inkaperekedwa kwa amisiri odziwa kwambiri m'fakitale. Chitsulo chake ankachipukuta pa mawilo achikopa, kuyambira ndi mchenga wokhakhala mpaka wosalala ngati ufa, asanachidetse. Mtundu wakuda wobiriwirako umene anautcha Royal Blue si penti ayi. Ndi dzimbiri lochita kuweta, khungu lopyapyala limene limamera pa chitsulo chenichenicho, ndipo kuwala kwake kumadalira mmene wopukuta anagwirira ntchito. Wopukuta wa dzanja lolemera amafafaniza zilembo n'kubuntha ngodya. Wodziwa amasiya ngodya zili zakuthwa koma pamwamba pakuwala ngati madzi a padziwe usiku. Munthu akamagwira mfuti yotere, akugwira maola a moyo wa munthu wina amene dzina lake salidziwa. Chimenechi ndiye ndimachikonda, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi chimenenso anzanga amachikonda ngakhale amachitchula mayina ena.

Gaston Glock sanachokere ku benchi ya amisiri a mfuti. Anali injiniya wa ku Austria, wobadwa mu 1929, amene mu 1963 anayambitsa kakampani ku Deutsch-Wagram, kufupi ndi Vienna. Ankapanga ndodo zopachikira makatani ndi tinthu tina tachitsulo ndi tapulasitiki, kenako mipeni ya asilikali. Chimene ankachidziwa bwino chinali kuthira pulasitiki yosungunuka m'chikombole. Mu 1980 asilikali a Austria analengeza kuti akufuna pisitolo yatsopano yolowa m'malo mwa Walther P38 ya nthawi ya nkhondo yachiwiri. Glock anasonkhanitsa akatswiri a mfuti, n'kuwafunsa chimene amafuna mu pisitolo, ndipo anayamba pa pepala loyera. Mu 1982 mfuti yake inagonjetsa za makampani akale ngati Heckler & Koch, Beretta ndi Steyr.

Pulasitiki mu mfuti sinayambe ndi iye. Remington anali atapanga kale mfuti yaitali ya Nylon 66 mu 1959, ndipo Heckler & Koch anatulutsa pisitolo ya thupi lapulasitiki, VP70, mu 1970, koma thiriga yake inali yolimba kwambiri moti sinatchuke. Nzeru ya Glock inali yoti mfuti yonse ipangidwe moganizira fakitale. Glock 17 ili ndi zigawo pafupifupi 34 zokha. Thupi lake limatuluka m'chikombole lili lathunthu, lofanana ndendende ndi linzake, monga mmene njerwa za chikombole chimodzi zimafananira. Palibe wokhala pansi ndi tupa. Kanyundo kakunja kulibe, m'malo mwake muli kamsomali kokankhidwa ndi sipuling'i m'kati. Kachitsulo kotsekera mfuti koti munthu azikakumbukira kulibenso, zotetezera zake zitatu zimatseguka zokha thiriga ikamakokedwa. Chigawo china chikathyoka, mumachichotsa n'kuikapo chatsopano chochokera m'kapaketi. Wapolisi amene akufuna kukhala wokonza ma Glock a pa siteshoni yake amaphunzira tsiku limodzi, ndipo chida chimene amafunika ndi kamsomali kamodzi kokankhira mapini.

Luso silinasowe apa, linangosamuka. Mu volovolo yakale lili m'manja mwa mmisiri ndipo limabwerezedwa pa mfuti iliyonse. Mu Glock linathiridwa kamodzi, pojambula ndi posema chikombole, kenako makina amangolikopera. Ine ndimaona kuti kunyoza Glock kuti ndi yopanda luso n'kusamvetsa uinjiniya. Kuchotsa zigawo zosafunika mpaka kutsala zochepa zimene sizikangana n'kovuta kuposa kuwonjezera.

Manambala ake amanena okha. Model 10 ya mpope wochindikala wa mainchesi anayi imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ilibe chipolopolo. Glock 17 itadzaza ndi zipolopolo zake 17 imalemera magalamu 900 ndi pang'ono. Wapolisi amene amayenda ndi mfuti m'chiuno tsiku lonse, pamvula ndi padzuwa, amasenza katundu wopepukirapo koma ali ndi zipolopolo zochuluka pafupifupi katatu. Thukuta limadya Royal Blue, pamene pulasitiki ilibe nalo ntchito, ndipo zitsulo za Glock zinkalimbitsidwa mwanjira yotchedwa Tenifer imene imakana dzimbiri. Thiriga ya volovolo, mukamaikoka yonse kuchokera poyambira, imafuna mphamvu ya makilogalamu pafupifupi asanu, pamene ya Glock imafuna awiri ndi theka, mofanana nthawi zonse. Wophunzira kumene amafulumira kulasa pamene akufuna ndi thiriga yopepukayo. Zili ngati mtsuko ndi chigubu. Madzi a mumtsuko amazizira ndipo amakoma, koma amayi a pamjigo anasankha kale chimene amasenza, ndipo palibe angawatsutse.

Ku America kusinthaku kunafulumizidwa ndi mantha. Pa 11 April 1986, kufupi ndi Miami, apolisi asanu ndi atatu a FBI anatchingira achifwamba awiri obera mabanki, onse amene anakhalapo asilikali. Pasanathe mphindi zisanu, apolisi awiri, Ben Grogan ndi Jerry Dove, anali atafa, ndipo asanu anavulala. Mmodzi wa ovulalawo, Gordon McNeill, anawomberedwa padzanja, ndipo analephera kudzazanso volovolo yake chifukwa cha magazi ndi kuvulalako. Nkhaniyi inafala m'mapolisi onse ngati umboni woti zipolopolo zisanu ndi chimodzi sizikwananso. Koma nkhani yonse ili ndi mbali zina zimene sizikambidwa kawirikawiri. Awiri amene anafawo anali ndi mapisitolo a 9mm, osati mavolovolo. Chimene chinawapweteka kwambiri chinali mfuti yaitali ya Ruger Mini-14 imene mmodzi wa achifwambawo anali nayo. Ndipo amene anathetsa nkhondoyo, Edmundo Mireles, anatero ndi volovolo, dzanja lina litaphwanyika. Komabe mtima wa apolisi unali utatembenuka kale, ndipo Glock anali atangotsegula ofesi ku Smyrna, m'chigawo cha Georgia, mu 1985. Ankagulitsa motchipa kwa apolisi n'kumalandira mfuti zawo zakale ngati gawo la malipiro. Mavolovolo otulidwawo anadzaza m'masitolo a mfuti zogwiritsidwapo kale ntchito pa mtengo wotsika, ndipo ena mwa amene lero akusungidwa ngati chuma ndi omwewo.

Panalinso phokoso loti Glock ndi mfuti ya zigawenga imene singaoneke pa makina ofufuzira a pabwalo la ndege. Linali bodza, chifukwa kulemera kwake kwakukulu ndi kwa chitsulo: mpope, chotsetsereka chija, masipuling'i. Koma linafika mpaka ku nyumba ya malamulo, ndipo mu 1988 Ronald Reagan anasainira lamulo loletsa mfuti zosaoneka pa makinawo, lamulo limene Glock sinaliphwanye n'komwe. Phokosolo linangoitchukitsa. FBI yeniyeniyo inayamba kugawa ma Glock mu 1997. Asilikali a Britain, amene anachoka pa mavolovolo a Webley ndi Enfield kupita pa pisitolo ya Browning, anagula ma Glock 17 okwana 25,000 mu 2013. Asilikali a America anasankha pisitolo yapulasitiki ya SIG Sauer mu 2017.

Tibwerere ku chikhulupiriro chija choti volovolo silephera. Muli choonadi pang'ono. Popeza ikuyendetsedwa ndi chala, chipolopolo chikakana kuphulika mumangokokanso thiriga, silinda n'kubweretsa china. Pisitolo ikakumana ndi chipolopolo chakufa imaima mpaka mutakoka chotsetsereka chija ndi dzanja lina. Pisitolo imafunanso kugwiridwa molimba, chifukwa mkono ukakhala wofewa mphamvu ya wonga imatayika ndipo chigoba chimapanikizika pakhomo. Volovolo ilibe nazo kanthu zimenezo. Ikhoza kukhala m'kabati zaka zambiri, n'kugwirabe ntchito pa tsiku limene yatulutsidwa.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kanjere kamodzi ka wonga wosapsa kakalowa pansi pa kachitsulo kotulutsira zigoba, silinda imakana kutseka kapena kuzungulira. Kandodo kotulutsira zigoba kakamasuka pang'ono, silinda sitsegukanso. Mu volovolo yopepuka yowombera zipolopolo zamphamvu, kugunda kwa mfuti kumatha kusolola mutu wa chipolopolo china mpaka kutulukira kutsogolo kwa silinda n'kuitsekereza. Mfuti ikagwera pa simenti chammbali, mkono umene umanyamula silinda ukhoza kupindika pang'ono moti maso sangaone, koma kuyang'anizana kuja kwatha. Mchenga ndi matope zili ndi makomo ambiri olowera. Ndiye kusiyana kwake n'kwakuti pisitolo ikakakamira, nthawi zambiri munthu wophunzitsidwa amaikonza m'masekondi awiri ali chiimire, pamene volovolo ikakakamira ulendo ndi wa kwa mmisiri.

Pa chitetezo cha mwini wake, mbali zonse zili ndi zipsera. Single Action Army yakale inali yoopsa ikagwa pansi kanyundo kali pa chipolopolo, n'chifukwa chake odziwa ankaika zipolopolo zisanu zokha n'kusiya bowo limodzi lopanda kanthu pansi pa kanyundo. Smith & Wesson anasintha chotetezera cha m'kati mwa mavolovolo awo chakumapeto kwa nkhondo yachiwiri, msilikali wina wapanyanja atafa mfuti itagwa n'kulira yokha. Ruger anaika chitsulo chotchinga mu mavolovolo ake a kanyundo kokoka ndi chala chachikulu mu 1973. Glock ikagwa silira, koma thiriga yake yopepuka ndi yaifupi sikhululukira chala chosasamala, ndipo kuti muimasule poitsuka muyenera kukoka thiriga, chinthu chimene chavulaza anthu amene anaiwala chipolopolo mu mpope. Polisi ya New York inachita kupempha kuti ma Glock ake akhale ndi thiriga yolimba ngati ya volovolo, chifukwa zala za apolisi ake zinali zitazolowera kulemera kumeneko.

Pali malo amene volovolo ikadali pa ntchito yeniyeni, osati m'kabati ya galasi. Silinda sidalira mphamvu ya chipolopolo kuti izungulire, choncho volovolo ya .357 Magnum, mtundu umene unayamba mu 1935, imawomberanso zipolopolo zofatsa za .38 Special. Zipolopolo zikuluzikulu za alenje, kuyambira .44 Magnum ya m'ma 1950 mpaka .500 ya Smith & Wesson ya mu 2003, n'zazitali kwambiri moti sizingakwane bwino m'chigwiriro cha pisitolo, ndiye kwawo ndi mu silinda. Popeza chigwiriro cha volovolo sichisunga magazini, chikhoza kusemedwa molingana ndi dzanja la mwini wake, laling'ono kapena lalikulu. Apolisi a ku Japan, dziko limene wapolisi amatha kupuma pa ntchito asanawomberepo munthu, ambiri amayendabe ndi mavolovolo a zipolopolo zisanu. Gulu lapadera la apolisi la GIGN la ku France linatchuka ndi Manurhin MR73, volovolo ya mu 1973 yopangidwa kuti ipirire kuwomberedwa tsiku ndi tsiku ndi zipolopolo zamphamvu. Ndipo amene amati volovolo ndi yochedwa mwachibadwa ayenera kumva za Jerry Miculek, katswiri wa mipikisano yowombera wa ku America, amene mu 1999 anawombera zipolopolo zisanu ndi chimodzi, n'kudzazanso, n'kuwombera zina zisanu ndi chimodzi m'masekondi 2.99. Kungoti Miculek ndi mmodzi, ndipo polisi imaphunzitsa anthu masauzande amene alibe moyo wonse woti azolowere.

Chinthu china sindingachidumphe. Anthu ena amalankhula ngati volovolo ndi mfuti ya nthawi ya ulemu, pamene Glock ndi ya nthawi yankhanza. Mbiri sikuvomereza. Kutchuka kwa Colt kunayambira pa mitembo ya a Comanche. Pulezidenti William McKinley anaphedwa ndi volovolo mu 1901, Robert Kennedy mu 1968, John Lennon mu 1980. Munthu amene anapha ana 16 ndi mphunzitsi wawo pa sukulu ya ku Dunblane, ku Scotland, pa 13 March 1996, ananyamula mapisitolo awiri ndi mavolovolo awiri. Chaka chotsatira Britain inaletsa anthu wamba kukhala ndi mfuti zam'manja pafupifupi zonse, kusiyapo zochepa monga zakale zosungidwa chifukwa cha mbiri yake, pansi pa malamulo okhwima. Komanso n'zoona kuti kuchuluka kwa zipolopolo kumene kumathandiza wapolisi kumathandizanso wakupha. Ku Virginia Tech mu 2007, kumene anthu 32 anaphedwa, imodzi mwa mfuti zake inali Glock 19. Ku Tucson mu 2011, amene anawombera phungu Gabrielle Giffords anali ndi Glock ya magazini ya zipolopolo zoposa 30, ndipo anthu anamugwira pamene ankafuna kuika magazini ina. Ku America, oposa theka la anthu amene amafa ndi mfuti chaka chilichonse amakhala odzipha okha, ndipo pamenepo chipolopolo chimodzi chimakwana, kaya chachokera mu silinda yonyezimira kapena m'magazini. Ndimasirira ntchito ya wopukuta chitsulo uja ndi mtima wonse, koma ndimakumbukira kuti chimene ankapukutacho chinapangidwira kupha munthu. Mu 2021, Colt imene wapolisi Pat Garrett anaphera chigawenga chotchuka cha ku America, Billy the Kid, inagulidwa pa madola oposa 6 miliyoni, ndipo mtengo umenewo sunali wa chitsulo kapena wa tupa.

Malire a mbali ziwirizi nawonso ayamba kufufutika. Mu 2009 Ruger anatulutsa LCR, volovolo imene mbali yake yapansi ndi yapulasitiki. Smith & Wesson kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 amapanga tizitsulo tam'kati ta mavolovolo awo pothira ufa wachitsulo m'chikombole n'kuuwotcha, njira imene imachepetsa ntchito ya tupa. Okonda zakale anadandaula, ndipo mitengo ya mfuti zopangidwa izi zisanachitike inakwera. Dzina lakale lija la Military & Police lero lili pa mapisitolo apulasitiki a kampani yomweyo. Colt nayo inagulidwa ndi kampani ya CZ ya ku Czech Republic mu 2021.

Python ya mu 2020 ija, imene anthu anailimbirana, inatuluka ili ya chitsulo chosachita dzimbiri, yodulidwa ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta, ya zigawo zochepa m'kati ndiponso yolimba kuposa yakale. Maonekedwe ndi omwewo, koma njira yopangira yayandikira kwa Gaston Glock, amene anamwalira mu December 2023 ali ndi zaka 94. Yakale yeniyeni ija, munthu akafuna kuigula amayamba waonetsetsa kuti mulibe chipolopolo, kenako amakoka kanyundo pang'onopang'ono khutu lili pafupi, kumvetsera ngati koimitsa kaja kakugwira silinda nthawi yake isanapitirire, bowo ndi bowo mpaka onse asanu ndi limodzi. Bowo limodzi likachedwa, kachitsulo katsopano sikangolowa n'kugwira ntchito. Kayenera kupalidwa kuti kagwirizane ndi mfuti imeneyo yokha, ndipo amisiri odziwa kupala Colt yakale atsala owerengeka, ambiri ndi okalamba, moti mwini mfuti amalembetsa dzina n'kudikira miyezi yambiri kuti nthawi yake ikwane.